Bwanji tizidzidulira tokha paini wa Khrisimasi?

Akonzi,

Ndimagwira ntchito ya m'dimba kuno ku Joni, cha ku Randburg. Disembala aliyense abwana amandituma kukagula paini wodula kale. Ndi kutenthaku, masiku ochepa chabe masamba ayoyokera pakapeti, wosesa ndine.

Mwana wawo amene ali ku America akuti kumeneko umagula chilolezo cha madola ochepa, n'kukadzidulira wekha kamtengo m'nkhalango ya boma. Kupatulirako kumathandiza mitengo yotsala kukula bwino.

Ine ndinakulira ku Chikangawa, tipaini tothithikana tongouma chiimire ndimatidziwa. Inu a Dipatimenti ya Zankhalango, tayesani zimenezi kumeneko ndi kuphiri la Zomba. Koma mlonda aziperekeza wodulayo, poti anzathu ena mukawalola kamtengo kamodzi adzabwera ndi lole.

Wanu,
Mmalawi wa ku Johannesburg