Mnyamata amene tinamusunga kuno anakafera pa kapinga ku Michigan

A Mkonzi,

Ndipatseniko mpata m'nyuzipepala yanu ndilankhule za mnyamata wina amene ambiri kuno sitikumudziwa, chonsecho anamwa madzi a dziko lino ndi kudya nsima ya chimanga chathu. Dzina lake ndi Patrick Lyoya. Makolo ake anathawa nkhondo ku Congo n'kudzakhala zaka zingapo kumsasa wa anthu othawa kwawo kuno ku Malawi, mpaka mu 2014 pamene mwayi unawagwera wopita ku America. Ife a ku Dowa timalidziwa tsiku lotero. Tawaona mabanja a ku Dzaleka akugawira anansi mapoto ndi mphasa, akukwera galimoto yopita kubwalo la ndege, otsala akuwatsanzika ndi misozi yosakanikirana ndi kaduka, poti amenewo ndiye apulumuka.

M'mawa wa pa 4 Epulo 2022, mumzinda wa Grand Rapids ku Michigan, wapolisi wachizungu dzina lake Christopher Schurr anaimitsa galimoto imene Patrick ankayendetsa chifukwa nambala yake sinali ya galimotoyo. Patrick anatuluka. Wapolisi anamuuza kuti abwerere mkati, anamufunsa ngati amalankhula Chingerezi, anamuitanitsa laisensi. Patrick anayamba kuchokapo, kenaka kuthamanga. Wapolisi anam'pirikitsa ndipo awiriwo anagwirana pa kapinga wa pakhomo pa anthu. Schurr anatulutsa Taser, kamfuti kamagetsi kofoola munthu, n'kuwombera kawiri osam'lasa, Patrick n'kukagwira. Mapeto ake, Patrick ali chafufumimba, wapolisi ali pamsana pake, wapolisiyo anasolola mfuti yeniyeni n'kumuwombera chipolopolo chimodzi kunkhongo. Anali ndi zaka 26 ndipo anasiya ana awiri aang'ono. Analibe mfuti, analibe mpeni. Mnzake amene anali naye m'galimoto ndiye anajambula mphindi yomalizayo pa foni, chifukwa kamera imene wapolisi anavala pachifuwa inali itazima ali mkati molimbana.

Schurr anachotsedwa ntchito ndipo anatsegulidwa mlandu wakupha. Mlanduwo unatenga zaka zitatu kuti ulowe m'khoti. Iye anauza khoti kuti ankaopa kuti Patrick amutembenuzira Taser ija. Pa 8 Meyi 2025 nzika 12 zimene zinapatsidwa udindo wogamula zinalephera kumvana chimodzi, mlandu n'kuthera m'malere. Patapita masabata awiri, woimira boma pa milandu m'dera la Kent County, Chris Becker, analengeza kuti sauyambiranso. Kwathu timati mlandu suwola, koma uwu unaola makolo a mwanayo akuyang'ana.

Sindikufuna kumuyeretsa Patrick, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa owerenga anu anena zimenezi ndisanamalize. Opima mtembo anapeza mowa wambiri m'magazi ake. Laisensi yake inali italandidwa. Anauzidwa kuti aime, sanaime. Zonsezi n'zolakwa, ndipo chilichonse chili ndi chilango chake cholembedwa m'buku: chindapusa, kulandidwa galimoto, ngakhale ndende. Koma Michigan inathetsa chilango cha imfa kwa anthu opha anzawo kalekale mu 1846. Kumeneko munthu amene wapha banja lonse amapatsidwa loya, amaimirira pamaso pa woweruza, amachita apilo, ndipo boma silimupha. Nanga munthu wa nambala yolakwika ndi mowa m'mutu wafa bwanji m'mphindi zochepa, woweruza ndi wopereka chilango ali munthu mmodzi yemweyo?

Yankho limene ndimalimva kawirikawiri, ngakhale kwa anzanga a kutchalitchi, ndi lakuti akanangomvera bwenzi ali moyo. Ndikanakonda zikanakhala choncho, chifukwa bwenzi tikungouza ana athu kuti mverani basi, ife n'kumagona tulo. Koma pali Philando Castile. Ameneyu anali woyang'anira chakudya cha ana pa sukulu ina mumzinda wa St. Paul ku Minnesota. Pa 6 Julayi 2016 wapolisi Jeronimo Yanez anamuimitsa ponena kuti nyali yakumbuyo yafa, koma pa wailesi anali atauza anzake kuti woyendetsayo akufanana ndi wakuba wina chifukwa cha mphuno yake yotambalala. Castile sanatuluke m'galimoto, sanathawe, sanakweze mawu. Anali ndi chilolezo choyenda ndi mfuti, ndipo mwaulemu anauza wapolisiyo yekha kuti ali nayo. Sipanapite nthawi, zipolopolo zisanu ndi ziwiri zinalira, zisanu n'kumulasa, chibwenzi chake chili pampando wapambali ndipo kamtsikana ka zaka zinayi kali kumbuyo. Chibwenzi chakecho chinaulutsa zotsatira zake pa Facebook magazi akutuluka. Mu Juni 2017 khoti linamupeza Yanez wosalakwa. Castile anali ataimitsidwapo ndi apolisi koposa ka 40 pa moyo wake, ndiye malamulo a momwe munthu amakhalira akaimitsidwa ankawadziwa kuposa ine ndi inu.

Palinso Amadou Diallo, mnyamata wa ku Guinea wogulitsa malonda mumsewu ku New York, amene mu Febuluwale 1999 anapisa m'thumba kutulutsa kachikwama kake ataima pakhomo pa nyumba yomwe ankakhala. Apolisi anayi anawombera ka 41, zipolopolo 19 zinamupeza. Onse anayi anamasulidwa.

Ndayesa kumvetsa chifukwa chimene milandu yotere imathera chimodzimodzi, ndipo ndapeza kuti gwero lake lili m'zigamulo ziwiri za bwalo lalikulu la America. Choyamba ndi cha mu 1985, pa mlandu wa Tennessee v. Garner. Mnyamata wakuda wa zaka 15, Edward Garner, anawomberedwa ku Memphis akukwera mpanda pothawa, atathyola nyumba n'kubamo ndalama zokwana madola 10. Bwalo linati ayi, wapolisi sangaphe munthu pongofuna kuti asathawe, pokhapokha ngati munthuyo akuika moyo wa ena pachiswe. Chigamulo chabwino chimenecho. Koma mu 1989, pa mlandu wa Graham v. Connor, bwalo lomwelo linati zochita za wapolisi ziziyesedwa poona zimene wapolisi woganiza bwino akanachita ali pamalopo nthawi imeneyo, osati ndi maso a ife amene timaonera kanema pambuyo pake tili phee, chifukwa iye amasankha chochita m'kuphethira kwa diso. Pamwamba zikumveka. Koma kuchokera pamenepo funso la m'khoti linasiya kukhala lakuti kodi womwalirayo analidi woopsa, n'kukhala lakuti kodi wapolisi anali ndi chifukwa choopera. Womwalira sangabwere kudzanena kuti iyenso ankaopa. Ndipo amene amayenera kutsegula mlandu ndi woimira boma yemwe tsiku ndi tsiku amadalira apolisi omwewo kuti am'bweretsere umboni pa milandu ina. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Apa ndi pamene khungu limalowera, a Mkonzi, pakuti mantha a munthu sagwa kuchokera kumwamba. Amaphunzitsidwa. Dziko limene linasunga anthu akuda muukapolo mpaka 1865, n'kuwatsekera kunja kwa masukulu, mabasi ndi malo ovotera a azungu mpaka zaka za m'ma 1960, silinaiwale m'mibadwo iwiri kuti nkhope yoopsa ndi iti. Nyuzipepala ya Washington Post inayamba mu 2015 kuwerenga anthu onse owomberedwa ndi apolisi n'kufa, ndipo inkapeza pafupifupi 1,000 chaka chilichonse. N'zoona kuti mwa chiwerengero azungu ndiwo ambiri pa ophedwawo. Koma anthu akuda ndi 13 kapena 14 okha pa anthu 100 aliwonse m'dzikomo, ndipo ukaganizira kuchepa kwawoko amaphedwa kuwirikiza kawiri kuposa azungu. Akatswiri a ku yunivesite ya Stanford anafufuza maulendo pafupifupi 100 miliyoni amene apolisi anaimitsa magalimoto, ndipo mu 2020 analengeza chinthu chimene chinandikhalitsa chete: mdima ukagwa, pamene wapolisi sangaone bwino nkhope ya woyendetsa, gawo la anthu akuda pa oimitsidwa limatsika. Ndiye kuti masana dzuwa limawapereka.

Ndipo si nkhani ya khungu la wapolisi lokha. Tyre Nichols anamenyedwa ku Memphis mu Januwale 2023 ndi apolisi asanu, onse akuda, n'kumwalira patapita masiku atatu. Chimene sichisintha kwenikweni ndi khungu la wogona pansiyo.

Sindikunyoza ntchito ya upolisi. Ku America mfuti zimene zili m'manja mwa anthu wamba n'zambiri kuposa anthu eni akewo, ndipo wapolisi akamayandikira zenera la galimoto sadziwa chimene chili pansi pa mpando. Nayenso ali ndi ana kunyumba. Koma iye ndiye anaphunzitsidwa, ndiye amalandira malipiro a ntchitoyo, ndiye ali ndi wailesi yoitanira anzake. Schurr anali ndi galimoto ya Patrick pamaso pake, munthu wina ali momwemo. Akanamuleka kuthawa wapansi n'kudikira anzake, akanamupeza madzulo ake. Patangotha sabata imodzi mlandu wa Patrick utalephereka, pa 15 Meyi 2025, majaji onse asanu ndi anayi a bwalo lalikulu anagwirizana pa mlandu wa Barnes v. Felix kuti khoti lisamayang'ane masekondi omaliza okha, koma nkhani yonse kuyambira pachiyambi. Ashtian Barnes anaimitsidwa kufupi ndi Houston mu 2016 chifukwa cha ndalama za pa toll gate zosalipidwa pa galimoto yahayala, wapolisi n'kudumphira pachitseko galimoto itayamba kuyenda, n'kumuwombera. Ndi sitepe yabwino, ngakhale yafika ena atakwiriridwa kale.

Chimene chandilembetsa kalatayi n'chakuti ndili ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Indiana, kumene kuli Amalawi ambiri ndithu. Kuchokera kumene amakhala kukafika ku Grand Rapids ndi maola awiri okha pa galimoto. Amaweruka usiku. Anakulira kuno, kumene dalaivala akaimitsidwa ndi apolisi apamsewu amatsika yekha n'kupita kwa bwana, dzanja lili kale m'thumba kufunafuna laisensi, maso ali pansi. Kwathu umenewo ndi ulemu. Kumeneko zinthu zitatu zonsezo wapolisi amaziona ngati chiopsezo. Ndiye ine, malume ake, amene ndinamuphunzitsa kupereka moni ndi manja awiri, ndinachita kumuimbira foni kumuphunzitsa ulemu wina. Ndinati mphwanga, akakuimitsa usatsike pokhapokha akuuze. Zimitsa injini, tsitsa galasi, ngati ndi usiku yatsa nyali yamkati, manja onse akhale pa chiwongolero. Usapise paliponse usananene kuti laisensi ili apa, kodi nditenge? Laisensi ndi mapepala a galimoto uyenera kupereka, koma mafunso ena uli ndi ufulu wokhala chete. Akafuna kusecha galimoto ukhoza kunena modekha kuti sukuvomera, koma akaumirira usawagwire dzanja. Ukhoza kufunsa ngati wamangidwa kapena uli womasuka kupita. Akakumanga, pempha loya n'kutseka pakamwa. Usathawe, ngakhale mtima ukuuze kuti thawa.

Anayankha kuti, "Ndamva, amalume." Nditadula foni ndinakhala pakhonde nthawi yaitali, chifukwa ndinazindikira kuti pafupifupi zonse zimene ndinamuuzazo Philando Castile anazichita.

Tisadzitame kuti zimenezi n'za kwa azungu. Kuno tsankho la khungu pakati pa wapolisi ndi nzika palibe, koma lilipo la nsapato ndi la thumba, ndipo mwana wa kabaza sagwiridwa mofanana ndi mwini Prado. Pa zionetsero za 20 Julayi 2011 anthu pafupifupi 20 anafa, ambiri mwa iwo ndi zipolopolo za apolisi, ndipo Mzuzu inalira maliro ambiri kuposa mizinda ina. Buleya Lule anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu Febuluwale 2019, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission linapeza kuti anazunzidwa. Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 42, amanena kuti munthu womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva, kuti ali ndi ufulu wokhala chete, wopeza loya, ndiponso wokaonekera kukhoti pasanathe maola 48. Ndaphunzitsa zaka zambiri, koma ndikayima pamsika wa Mponela n'kufunsa anthu khumi za maola 48 amenewa, sindikhulupirira kuti atatu angandiyankhe. Lamulo la apolisi la mu 2010 linakhazikitsa bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, Independent Complaints Commission, koma linatenga zaka pafupifupi khumi lisanayambe ntchito.

Ndiye pempho langa kwa inu ndi ili. Sindikizani gawo 42 lonse m'Chichewa chomveka, ndipo muzilibwereza, kuti munthu azitha kulisunga pa foni. Tiuzeni kumene ofesi ya madandaulo ija ili, momwe munthu wa kumudzi angaifikire, ndi kuti pa madandaulo amene yalandira ndi angati afika kukhoti. Komanso tumizani mtolankhani ku Dzaleka akafunse akuluakulu a ku Congo ngati alipo amene akulikumbukira banja la a Peter Lyoya ndi mwana wawo Patrick ali wamng'ono. Kanema wa imfa yake dziko lonse linaonera. Ine ndikufuna kumva kuti ankasewera mpira pa bwalo liti, ankatunga madzi pa mjigo uti, ndipo tsiku lonyamuka anatsanzika ndani.

Mphunzitsi wopuma,
Mponela, Dowa