Lipoti la Msonkhano Wokambirana za Malamulo Oti Anthu Aulumali Azifika Paliponse

A Wapampando, akuluakulu a komiti, amayi ndi abambo nonse a m'bungwe lathu,

Ndabwerako ku msonkhano munandituma uja ndipo ndayenda bwino. Zikomo kwambiri pondikhulupirira. Tinakumana masiku atatu, ndipo kunali nthumwi za mabungwe a anthu aulumali, maloya, akatswiri olemba mapulani a nyumba, komanso ena ogwira ntchito m'maofesi ovomereza zomangamanga. Za mapepala a ndalama ndapereka kale kwa a msungichuma. Pano ndikufuna ndikuuzeni zomwe ndatolako.

Tsiku loyamba linali la malamulo. Gwero la zonse ndi Pangano la bungwe la United Nations lokhudza ufulu wa anthu aulumali, lomwe linavomerezedwa pa 13 Disembala 2006 n'kuyamba kugwira ntchito pa 3 Meyi 2008. Mayiko oposa 180 analowa m'panganoli. Gawo 9 ndi lomwe likutikhudza kwambiri. Limati boma lionetsetse kuti ife tikutha kufika ndi kugwiritsa ntchito nyumba, misewu, zoyendera, sukulu, zipatala ndi malo antchito, komanso uthenga ndi njira zolumikizirana, kuphatikizapo za pa intaneti, m'tauni ngakhalenso kumudzi. Sililekera pa nyumba za boma ayi. Munthu wamba akatsegula banki, hotela kapena sitolo yoti aliyense azilowamo, boma lili ndi udindo woona kuti iyenso waganizira za ife.

Koma chimene chinanditsegula m'maso, ndipo ndikupempha tichimvetse tonse, ndi kusiyana kwa maudindo awiri amene ife timawasakaniza tikamadandaula.

Woyamba ndi udindo wokonzeratu. Uwu sudikira kuti wina afike pakhomo n'kulephera kulowa. Mwini nyumba kapena wopereka ntchito ayenera kukonzeratu malo ake poganizira anthu onse aulumali, ngakhale asanaonepo ndi mmodzi yemwe. Komiti ya United Nations yoyang'anira panganoli inalongosola zimenezi mu 2014, mu ndemanga yake yachiwiri. Inanena kuti nyumba ndi ntchito zatsopano ziyenera kukhala zofikirika kuyambira tsiku loyamba, pomwe zakale zizikonzedwa pang'onopang'ono, koma pakhale nthawi yoikika ndi ndalama zopatulidwira ntchitoyo. Inatinso udindo umenewu munthu sangauthawe ponena kuti ndi wolemetsa.

Wachiwiri ndi udindo wosinthira munthu mmodzi zinthu malinga ndi vuto lake. Mwachitsanzo, wophunzira wosaona bwino wapempha mayeso a zilembo zikuluzikulu, kapena wantchito woyendera njinga ya anthu aulumali wapempha kuti ofesi yake itsitsidwe pansi chifukwa chikepe kulibe. Udindo uwu umayamba pomwe munthuyo wapempha, ndipo sudikira mapulani a zaka zisanu. Apa pokha m'pomwe wopemphedwayo angathe kunena kuti zamukulira, koma ayenera kuonetsa umboni wake. Gawo 2 la pangano lija limanena poyera kuti kukana kusintha koteroko popanda chifukwa chomveka ndi tsankho.

N'chifukwa chiyani ndikuchedwa pamenepa? N'chifukwa choti kangapo konse talemba makalata odandaula za nyumba yatsopano yopanda rampu (njira yotsetsereka yokwerapo njinga m'malo mwa masitepe), eni nyumbazo n'kutiyankha kuti ndalama palibe, kapena kuti mukabwera alonda adzakunyamulani. Ife n'kubwerera titangoti kakasi. Yankho limenelo si la funso lathu. Pa nyumba yatsopano nkhani ya ndalama siyimveka, pakuti kuika zofunikazo papulani kumatchipa kutalitali kuyerekeza ndi kudzaphwanya khoma pambuyo pake. Ndipo kunyamulidwa ngati katundu, anthu akukuyang'ana, si kulowa m'nyumba mwaulemu. Amene tinanyamulidwapo tikudziwa mmene zimawawira.

Tsiku lachiwiri tinagwira tepi yoyezera m'manja, ndipo ndi tsiku limene ndinasangalala nalo koposa. Muyezo umene mayiko ambiri amatsata, kuphatikizapo America pansi pa lamulo lawo la 1990, ndi wakuti rampu isatsetsereke kuposa 1 pa 12. Kutanthauza kuti sitepe yotalika masentimita 15 imafuna rampu yotalika masentimita 180. Masitepe atatu otere amafuna rampu ya mamita 5.4. Tsono taganizirani timarampu tija timaona pamakomo ambiri, tomwe amangopaka simenti pambali pa masitepe, kutalika kwake mita imodzi basi. Woyendera njinga sangakwere yekha, ndipo potsika akhoza kugubuduka. Rampu yabwino imakhala ndi zogwirira mbali zonse ziwiri, malo afulati opumirapo ikakhala yaitali, ndiponso malo afulati pamwamba kuti munthu atsegule chitseko njinga isakubwerera m'mbuyo. Khomo likatsegulidwa pazitsala mpata wosachepera masentimita 80, ndipo potembenukira njinga pamafunika malo ozungulira a masentimita 150. Miyezo ngati imeneyi ikupezekanso mu ndondomeko ya padziko lonse yotchedwa ISO 21542, ngakhale dziko lililonse limaika manambala ake m'malamulo ake a zomangamanga.

Titayeza nyumba imene tinkachitira msonkhanoyo, tinapeza kuti rampu yake inali bwino ndithu. Koma chitseko cha chimbudzi chinkatsegukira m'kati, moti njinga yanga ikalowa chitsekocho sichinkatsekeka. Masiku atatu onse ndinkachepetsa kumwa madzi. Sindikunena izi kuti mundimvere chisoni, koma kuti tione kuti ulendo wa munthu suthera pakhomo. Umayambira pamene watsikira galimoto, kudutsa pabwalo, pakhomo, pakauntala, m'chipinda chimene akufunamo, kuchimbudzi, mpaka potulukira moto ukabuka. Pakangoduka pamodzi, zina zonse zija sizimuthandiza. Oyendetsa malowo tinawauza ndipo analandira bwino.

Ndivomerenso kuti anzathu osamva ndi osaona anatidzudzula, ndipo sanalakwe. Anati tikamakamba za nkhaniyi timangothamangira ku marampu, ngati ulumali ndi wa miyendo yokha. Munthu wosamva amalowa m'chipatala popanda chomutchinga, koma ngati mulibe womasulira chinenero chamanja, amatuluka osadziwa kuti dokotala wati chiyani, kapena amakakamizika kuulula matenda ake kudzera mwa mwana wake. Belu lochenjeza za moto likamangolira popanda nyali yothwanima, iye sadziwa kuti anzake akuthawa. Gawo 9 lomwe lija limatchula zikwangwani za zilembo za Braille (zimene osaona amawerenga pokhudza ndi zala), zolemba zosavuta kumva, anthu otsogolera ndi owerengera ena, komanso omasulira chinenero chamanja odziwa ntchito yawo. Tinaonetsedwanso matailosi a timabampu aja otsogolera osaona, amene anayamba kuikidwa mumzinda wa Okayama ku Japan mu 1967. Za masamba a pa intaneti zinakambidwa mwachidule: chithunzi chizikhala ndi mawu ochifotokoza kuti pulogalamu yowerengera osaona inene, ndipo vidiyo izikhala ndi mawu olembedwa m'munsi.

Loya wina anatifotokozera mlandu umene unandilimbitsa mtima. Anthu awiri osaona a ku Hungary anadandaula kuti makina otapira ndalama a banki yawo analibe zilembo za Braille kapena mawu owatsogolera, chonsecho ankalipira mofanana ndi makasitomala ena onse. Makhoti akwawo atalephera kuwathandiza, anapita ku komiti ya United Nations ija, ndipo mu 2013 inagamula kuti dzikolo linaphwanya Gawo 9, ngakhale bankiyo sinali ya boma. Koma anatichenjeza kuti njira imeneyi ndi yotsegukira okhawo amene dziko lawo linavomerezanso pangano lowonjezera lolola madandaulo a munthu payekha, ndipo munthu amayenera kuyamba watha njira zonse za m'dziko mwake.

Tsiku lomaliza linali lalifupi. Mfundo imene inamangidwa ndi yakuti mabungwe ngati lathu azifika msanga, pulani ikadali papepala, pakuti pangano limalamula boma kufunsa maganizo athu pa zonse zotikhudza.

Choncho ndikupempha a Wapampando kuti pa msonkhano wathu wamawa tisankhe anthu oti ndiwaphunzitse kuyeza, ndipo pakati pawo pasalephere kukhala wosaona ndi wosamva. Tiyambe ndi nyumba zimene zikumangidwa panopa. Ndikupemphanso alembi kuti titenge makalata athu akale aja tiwalembenso, pa dandaulo lililonse tisonyeze kuti likugwera pa udindo uti mwa iwiri ija. Tepi yoyezera ndi pepala la miyezo ndabwera nazo, ndipo ndidzazitenga pobwera tsikulo.

Ine wanu,
Nthumwi yanu ku msonkhano