Kalata kwa mwana wanga amene akutumikira ku Scotland

Domasi, Januwale

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli moyo pamodzi ndi apongozi anga ndi adzukulu angawo. Kuno tadzuka. Mvula ikugwa bwino, chimanga chafika m'chiuno, ndipo bambo anu akulimbana ndi kubandira ngakhale bondo lija silikuwapatsa mtendere. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumandithamangitsa ndi mawu aja akuti "tili bwino amayi, Mulungu ndi wabwino", kenako netiweki n'kudula, nkhani n'kuthera pomwepo. Mlongo wanu ajambula masambawa n'kukutumizirani pa WhatsApp. Muwerenge usiku, ana atagona.

Zoti Mulungu ndi wabwino sindikutsutsa. Chimene ndikukana n'choti muzititseka nazo pakamwa ife amene tinakubalani.

Tsiku lija tinkalankhulana pa vidiyo, munali mutavala chipewa chaubweya ndi jekete m'nyumba momwe. Ana anali atafunda bulangete limodzi pampando, ndipo kwanuko 4 koloko inali isanakwane koma pawindo kunali kutada kale. Pambuyo pake ndinawafunsa apongozi anga paokha, ndipo musawakalipire, ndine ndinawapanikiza. Anandiuza kuti zotenthetsera m'nyumba mumangoziyatsa kanthawi kochepa madzulo poopa bilu ya gasi. Anandiuza kuti ndalama zowonjezerera viza ndi zolipiriratu chipatala za banja lonse zikukusowetsani tulo. Anatinso Lamulungu, m'tchalitchi chachikulu chamiyala chija, mumalalikira anthu ongokwana mabenchi ochepa akutsogolo, ambiri a imvi, ndipo masiku ena mukabwerako koyendera anthu mumangolowa kuchipinda osadya.

Ndiyambe ndi ya mabenchiyo, chifukwa ndikudziwa kuti ndi imene ikukudyani kwambiri kuposa kuzizira. Inu munakulira mu mpingo umene ochedwa amakhala panja pansi pa mitengo, makwaya n'kumakanganirana mpata woimba. Lero muli m'dziko limene kalembera wa mu 2022 anapeza kuti anthu 51 pa 100 alionse amati alibe chipembedzo, komwe Church of Scotland ikuphatikiza mipingo ndi kugulitsa nyumba zopemphereramo. Izi munazidziwa musananyamuke, ndipo bambo anu anakuuzani pa khonde pano kuti walira mvula walira matope. Komabe kumva ndi kwina, kuima pa gome n'kumayang'ana mabenchi opanda anthu ndi kwinanso.

Mukukumbuka manda aja a amishoni tinakawaona ku Cape Maclear muli kamnyamata? Oyamba a mishoni imeneyo anafika pa nyanja mu 1875 ndi sitima ya Ilala, Dr Robert Laws ali pakati pawo. Malungo sanachedwe. Dr William Black anamwalira mu 1877, ena n'kumatsatira. Munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881, chaka chomwecho iwo n'kusamukira ku Bandawe pothawa matenda. Tangoganizani makalata amene ankalemba kwawo zaka zonsezo: manda akuchuluka, wobatizidwa palibe. Ku Blantyre, komwe mishoni ya Sinodi yathu inayamba mu 1876, zinafika poipa kuposa apo. Amishoni oyamba anayamba kuweruza milandu ndi kukwapula anthu ngati ndiwo boma, mpaka akuluakulu a mpingo ku Scotland anachotsapo ena, ndipo David Clement Scott anachita kudzayambiranso mu 1881. Mbiri imeneyi sitiikamba kawirikawiri pa zikondwerero za Sinodi, koma ndi yathu ndithu. Abusa oyamba achikuda a mishoni imeneyi, Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, anadzozedwa mu 1911, patatha zaka 35.

Koma amene ndimamuganizira kwambiri ndikamakupemphererani ndi William Koyi, chifukwa iye anali munthu wakuda wotumikira kwa eni monga inuyo. Anali Mxhosa wochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, ndipo anabwera kuno mu 1876 ndi anzake atatu. Mmodzi wa iwo, Shadrach Mngunana, anamwalira chaka chotsatira. Koyi anakakhala pakati pa Angoni a Inkosi M'mbelwa ku Njuyu, komwe kwa zaka ndithu sankaloledwa ngakhale kutsegula sukulu. Anamwalira mu 1886, pamene Angoni oyamba anabatizidwa mu 1890. Sanawaone. Mipingo yonse yodzaza ya ku Mzimba ndi ku Ekwendeni ija, iye sanaione ngakhale m'maloto.

Sindikukuuzani izi kuti ndikulonjezeni kuti tchalitchi chanucho chidzadzaza. Mwina chidzadzaza inu mutachoka, mwina adzachigulitsa chisanduke nyumba zogonamo. Zimenezo Mwini munda sanakuuzeni, ndipo sanauzenso Koyi. Chimene anakupatsani ndi anthu amene akubwerawo. Agogo a imvi amenewo musamawayang'ane ngati zotsalira. Makolo a anthu ngati iwowo ndi amene ankasonkha timakobiri kuti amishoni afike kuno, ndipo lero akhalabe m'nyumba ya Mulungu pamene ana awo ndi adzukulu awo anachokamo kalekale. Ululu umenewo ine ndikuudziwa pang'ono chifukwa cha mng'ono wanu. Akonzereni ulaliki ndi mtima wonse monga munkachitira pokalalikira pa mishoni ya HHI ku Blantyre. Muziwayendera m'zipatala ndi m'nyumba zosungira okalamba, ndipo akamwalira muwaike mwaulemu. Imeneyo ndiyo ntchito ya sabata ino, ndipo ndi yokwanira.

Tsopano ya kuzizira ndi ya m'thumba, ndipo apa ndikudzudzulani.

Ndamva kuti mayi wina wachikulire wa mu mpingomo anabweretsa majekete a adzukulu ake kuti ana anu azivala, inu n'kukana, ati munapita kukatumikira osati kukapempha. Ndamvanso kuti nkhani ya bilu ya gasi simunaitulepo ku Seshoni poopa kuti anena kuti m'busa wa ku Africa wayamba kulira ndalama. Mwana wanga, chimenecho si chikhulupiriro ayi. Ndi manyazi, ndipo pansi pa manyaziwo pali kudzikuza pang'ono. Mtima umenewo ndi wa bambo anu, ndinauzindikira nditangomva.

Tsegulani 2 Timoteo mutu 4, muwerenge kumapeto kwake komwe alaliki ambiri amadumpha. Paulo yemweyo amene wangonena kumene kuti wamaliza liwiro lake akudandaula kuti Dema wamusiya, watsala ndi Luka yekha. Kenako akupempha Timoteo kuti amutengere chofunda chimene anachisiya ku Trowa, pamodzi ndi mabuku, ndipo akumuuza kuti ayesetse kufika nyengo yachisanu isanayambe. Mtumwi wamkulu ankamva kuzizira m'ndende, ndipo anachita kulemba m'kalata kuti abale, ndibweretsereni chofunda. Sanaone kuti pempho limeneli likuchepetsa Mulungu wake.

Eliyanso, nthawi ya chilala, Mulungu sanamutumize kwa munthu wachuma wa kwawo. Anamutumiza kunja kwa dziko la Israele, ku Zarefati, kwa mkazi wamasiye amene anatsala ndi kaufa kodzaza dzanja ndi timafuta pang'ono. Mneneri wa Mulungu anadya kwa mayi wosauka wa mtundu wina. Ndipo muone bwino pa 1 Mafumu 17: sakunena kuti mbiya ija inadzaza mpaka kusefukira. Akungoti ufa sunathe. M'mawa uliwonse mayiyo ankapeza wokwanira tsikulo. Chimodzimodzi mana a m'chipululu, amene ankagwa mbozi munthu akasunga a mawa. Inu mukufuna kuona ndalama za viza ya chaka chamawa zili kale m'banki kuti mtima ukhale pansi, ndipo sindikukuimbani mlandu, ndi mmene tilili tonse. Koma kawirikawiri Mulungu sapereka motero, ndipo chimene amapereka amachidzeretsa m'manja mwa anthu. Kwa inu achidzeretsa mwa agogo omwewo. Mukakana jekete yawo mwakana yankho la pemphero lanu lomwe, komanso mwawamana mwayi wokhala abale anu enieni. Munthu amene amangopereka osalandira sakhala mbale, amakhala mlendo mpaka kalekale.

Choncho pitani kwa mayiyo, mukapepese, mukalandire majeketewo. Ku Seshoni katuleni nkhani ya gasi ndi mapepala ake m'manja, mosalira komanso mosabisa. Azungu ambiri sazungulira polankhula za ndalama monga timachitira ife, ndipo mukakhala chete iwo aganiza kuti zonse zili bwino.

Za kulowa kuchipinda osadya zija zikundidetsa nkhawa kuposa zonse. Eliya yemweyo atathawa Yezebeli anakhala pansi pa kamtengo n'kupempha imfa. Mngelo sanayambe ndi ulaliki. Anamudzutsa, n'kumupatsa mkate ndi madzi, n'kumusiya agonenso, n'kumudyetsanso kachiwiri. Mawu a Mulungu anabwera pambuyo, thupi litapeza mphamvu. Mlongo wanu, poti ndi namwino, akuti mdima wa miyezi imeneyi umafooketsa anthu ambiri m'maganizo, ndipo azaumoyo a kumeneko amalangiza kumwa vitamini D, makamaka anthu a khungu lakuda ngati ife. Gulani, mumwe nonse. Masana kukawala pang'ono muzituluka kukayenda ngakhale kukuwaza, chiperoni munachizolowera kale kuno. Ndipo ngati mtima ukupitirirabe kulemera, kaonaneni ndi dokotala, mupezenso m'busa mnzanu mmodzi womuuza zonse. Kupita kuchipatala sikuchotsa ubusa pa munthu.

Apongozi anga musawaiwale m'zonsezi. Inu muli ndi gome, muli ndi kolala, anthu amakupatsani moni. Iwo anasiya Mvano, anasiya mlaga wawo, anasiya amayi anzawo oseka nawo pa mtondo ndi pa maliro, ndipo tsopano akugwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba n'kubwerako m'mawa kudzakonzekeretsa ana a sukulu. Kuitanidwa kunamveka kwa inu, koma katundu akusenza ndi iwo. Muzipemphera nawo awiriwiri, osati pemphero la abusa lalitali lija, koma lotchula zinthu mmene zilili: gasi, viza, mwana amene akusekedwa kusukulu chifukwa cha kalankhulidwe. Muziwafunsanso maganizo awo musanavomere ntchito ina iliyonse yowonjezera. Anawo muzilankhula nawo Chichewa pa chakudya, chifukwa wamng'onoyo ndikamupatsa moni wayamba kumangondiyang'ana.

Nkhani ya achibale ndaitenga ine. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense kuno akamva kuti mapaundi amayamba kuwerengera m'mutu, ndipo akuganiza kuti kwanuko mumachita kutola. Ndikudziwa mauthenga amene amakufikani: fizi, feteleza, malata, chinkhoswe, ngakhale foni yatsopano. Ndikudziwanso kuti mwezi wathawu munakongola kuti mutumize kwa amalume anu, ana anu ali m'bulangete. Zimenezo zithe. Takhala nawo pansi amalume anuwo ndi azakhali anu, ndipo tagwirizana kuti wofuna thandizo azidzera kwa ife, ifeyo ndi amene tiziona ngati ndi nkhani ya matenda kapena ya chilakolako chabe. Ena akwiya, akwiye. Chibale n'fupa, sichingaole chifukwa cha thumba la feteleza. Ife awiri tili ndi penshoni yanga, nkhuku, ndi munda. Sitikugona ndi njala.

Za maliro a agogo anu amene munawaonera pa foni, lekani kudzizunza nazo. Iwo ndi amene anaimba mokweza kuposa tonse tsiku lokutsanzikani, ndipo ankadziwa kuti mwina simudzawaika. Adzukulu anakumba, mpingo unaimba, anagona bwino.

Apongozi anga anandinong'onezanso kuti mwayamba kunena zobwerera kuno nthawi yanu isanathe. Kubwerera si tchimo, ndipo mukabwera palibe amene adzakulozeni chala ine ndili moyo. Amishoni ambiri anabwerera kwawo atadwala kapena atatopa, ndipo Mulungu anawagwiritsabe ntchito kwina. Chimene ndikupempha n'chakuti nkhani yaikulu chotere musaigamule mu Januwale, muli ozizidwa, otopa komanso angongole. Dikirani mwezi wa Juni, pamene munandiuza kuti dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku. Mukadzakhala mutagona mokwanira, ngongole itatha, mutakambirana ndi akazi anu ndi akulu a mpingo, mudzafunse Ambuye nthawi imeneyo. Yankho limene mudzalimve pamenepo, kaya ndi lotsala kaya lobwerera, tidzalilandira.

Amayi a Mvano amakutchulani m'mapemphero mlungu uliwonse. Mpaka pano ndimangowauza kuti muli bwino chifukwa ndi zimene mumandiuza. Ndiloleni ndiwauze zoona, osati zonse, koma zokwanira kuti adziwe chopempherera.

Pali mwana wa mnzanga amene akubwerera ku sukulu ku Edinburgh mwezi wamawa, ndipo wavomera kukutengerani kaphukusi. Ndaikamo mpunga wa Kilombero, tiyi wa ku Thyolo, kambuzi wouma, chitenje cha apongozi anga, ndi masokosi aubweya amene ndalukira ana. Mlongo wanu akutumizirani nambala yake kuti mugwirizane kokumana. Poyankha mundilembere kalata, osati timawu tiwiri ta pa foni, ndipo mundiuze ngati majekete aja mwakalandira. Bambo anu akupereka moni, akuti akufuna chithunzi cha tchalitchicho chojambulidwa mkati, anthu ali momwemo.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine,
Mayi anu