Lipoti la msonkhano wa ojambula mafilimu ku Kitwe

A Wapampando ndi anzanga nonse a gulu lathu la ku Chawama, ndabwerako bwino. Malisiti a basi ya pa Intercity ndi a malo ogona ali kale kwa a msungichuma, ndipo ndalama yotsala ndabweza.

Tsiku loyamba linali la malonje ndi malamulo a umwini wa zithunzi. Mapepala ake ndili nawo.

Ndalama yanu inagwira ntchito tsiku lachiwiri, pamene anatifotokozera kumene akatswiri a mafilimu a zochitika zenizeni anayambira. Jean Rouch anali injiniya, anapita ku Niger kukamanga misewu asanagwire kamera. Frederick Wiseman ankaphunzitsa zamalamulo ku Boston asanatsogolere filimu yake yoyamba mu 1967. Koma amene wandikhala pamtima ndi mayi Safi Faye a ku Senegal, omwe anamwalira mu 2023. Iwo anali mphunzitsi ku Dakar. Anakumana ndi Rouch mu 1966, ndipo maphunziro a ku Paris anabwera pambuyo. Mu 1975 anatulutsa filimu yojambulidwa kumudzi kwa makolo awo, ku Fad'jal, yonena za alimi amene ulimi wa nshawa unawasiya m'mavuto, ndipo boma la dziko lawo linailetsa. Anationetsa kachigawo chabe, kopanda mitundu: azibambo ali pansi pa mtengo, akudandaula m'chinenero chawo, kamera ili phee, osawadula mawu. Ine ndinangoona agogo anga a ku Katete akudikira wogula nshawa, misozi n'kulengeza.

N'chifukwa chake chigamulo cha tsiku lomaliza chinandipweteka. Anagwirizana kuti mwayi wa maphunziro ukapezeka, uziyambira kwa amene ali ndi madipuloma a utolankhani. Ndinakweza dzanja kukana, koma tinachepa. Sindikunyoza anzathu ophunzira utolankhani ku Evelyn Hone kapena ku ZAMCOM, luso ali nalo. Koma tamva dzulo lake kuti mphunzitsi, loya ndi womanga misewu ndiwo anatsegula njira, lero n'kutseka chitseko?

Ndipo ifenso tili ndi mlandu womwewu. Mlongo wathu uja wogulitsa tomato ku msika wa Soweto anapempha kamera dzinja lathali kuti ajambule madzi osefukira ku Kanyama, kumene amagona. Tinamuuza kuti alibe pepala. Loweruka lomwelo kamera inapita ku kitchen party, ndipo ndalama yake mpaka lero sitinaione m'buku. Madzi aja anaphwa osajambulidwa. Nkhaniyi ndinaifunsa kawiri, kawiri konse inakankhidwira kutsogolo.

Ku msonkhano kuja kunalinso gawo la mmene tingalembere makalata opempha thandizo. Linali lalitali, mfundo zake ndidzagawa pa WhatsApp.

A Wapampando, ndikupempha kuti Loweruka lino nkhani ya kamera ikhale yoyamba, buku la ndalama libwere pa tebulo, ndipo mlongo wathuyo aitanidwe mvula isanagwe.