Mendulo za agogo zilipo koma pa pepala la disichaji sanalembepo kanthu

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzipepala yanuyi ndinenepo nkhani yomwe yandidyera ndalama komanso tulo kwa nthawi yaitali ndithu, ndipo ndikudziwa kuti sindili ndekha, kuno ku Mulanje ngakhale kwa anzathu ku Thyolo nyumba zambiri zili ndi kachitini kapena sutikesi yachitsulo kunsi kwa bedi momwe muli mapepala a kholo lomwe linapita ku usilikali wa Keyala, koma anthu sitimatsegula mpaka tsiku lomwe mwini wake wagona pa mphasa nde tiyambe kufunsana kuti kodi pepala ili likuti chani.

Agogo anga aamuna, bambo awo a mayi anga, analowa usilikali mu 1942, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ali kamnyamata kothyola tiyi pa esiteti ina kuno. Eni ake ankanena moseka kuti iwo nkhondo sankaifuna ayi, ankathawa kapitawo wina wankhanza basi. Anakalembetsa ku Zomba ku King's African Rifles ija makolo athu ankangoti Keyala, kuchoka apo Kenya, kukwera sitima ya pamadzi pa Mombasa mpaka ku Ceylon komwe lero tikuti Sri Lanka, kenako mu 1944 anawalowetsa ku Burma pamodzi ndi gulu lija la 11th East African Division momwe munali a Nyasaland, a Kenya, a Uganda, a Tanganyika ndi a Northern Rhodesia. Anadutsa chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yamphamvu, matope ofika mmaondo, malungo akugwetsa anthu osawerengeka, mpaka kukafika pa mtsinje wa Chindwin kumapeto kwa chakacho. Ife tili ana dzina loti Chindwin tinkalimva pafupifupi tsiku lililonse moti ndinkaganiza kuti ndi mtsinje wa kuseri kwa phiri cha ku Muloza uko. Akationa tikudandaula ndi mvula ya chiperoni ankangoti inu ana simunaione mvula, iyi ndi mame.

Anabwerako mu 1946 ndi pepala la disichaji, lotulukira usilikali, lomwe lili ndi nambala yawo, dzina, mudzi, mfumu, tsiku lolowa ndi tsiku lotuluka, komanso poti khalidwe analemba kuti labwino. Koma pamzere pomwe pamayenera kulembedwa mendulo palibe kanthu, mbee. Kalaliki amene ankalemba tsiku limenelo kaya anali ndi anthu mazana pamzere aliyense akufuna kwawo, kaya chani, anangodumphapo. Agogo ankafotokoza kuti mendulozo sanalandire tsiku lotuluka, zinabwera patapita zaka anawaitana ku boma kukatenga, nde palibe amene anaganiza zoti pepala lija libwerere likalembedwenso. Iwonso sukulu analekeza kalasi yoyambirira, chizungu cha pa pepalapo sankachimva, kwa iwo chitsulo chili mmanja nkhani yatha.

Mendulo zake zinali zitatu. Nyenyezi ziwiri za nsonga zisanu ndi imodzi, ina ya 1939-1945 Star yomwe msilikali ankalandira akakhala ku malo omenyera nkhondo miyezi isanu ndi umodzi, ina ya Burma Star ya amene anatumikira ku Burma pakati pa Disembala 1941 ndi Seputembala 1945, kansalu kake kofiira pakati mmbali mwa buluu ndi timizere ta olenji. Yachitatu yozungulira ya War Medal, imeneyo ankapatsa aliyense amene anavala yunifomu masiku 28 nthawi ya nkhondo olo sanamve kulira kwa mfuti. Tsono apa ndi pomwe pagona nkhani a Mkonzi, ndipo anthu ambiri sadziwa. Mendulo za nkhondo yachiwiri zomwe ankapereka a Britain zambiri sizinkalembedwa dzina la mwini wake. Mukaitembenuza kumbuyo kuli see, palibe dzina palibe nambala. Zimasiyana ndi ya amene anapita ku Malaya mzaka za mma 1950, General Service Medal, ija mmphepete mwake anadinda nambala, udindo ndi dzina moti olo itatayika nkutoledwa pa msika wa Limbuli mwini wake angadziwike. Nde Burma Star payokha siinena kuti ndi ya ndani. Chomwe chimaimangirira kwa munthu ndi pepala. Pepala likakhala chete, nyenyeziyo ndi chitsulo chabe chomwe wina aliyense angatole.

Ndipo anthu ananenadi zimenezo agogo ali moyo. Pa bawo pansi pa mtengo wa mango mkulu wina anawauza pamaso pa anthu kuti inu ku Burma simunafike, munkaphika nyemba ku Zomba, nyenyezizo munagula kwa anzanu. Anali macheza a mowa eti, koma agogo anabwerera kunyumba osadya nsima tsiku limenelo ndipo kuyambira pamenepo Novembala akafika sankazivalanso, pomwe kale ankazipukuta ndi phulusa nkuzipachika pa jekete lawo lakuda lija nkukhala pafupi ndi wailesi kumvera mwambo wa ku chipilala cha ku Zomba. Ine ndinali wachichepere sindinkamvetsa kuti chawapweteka nchani. Anamwalira mu 2008 pakhomo, tinawaika kumudzi kwa agogo aakazi poti anali mkamwini.

Chomwe chinandidzutsa ine ndi namondwe wa Freddy. Mu Malichi 2023 madzi aja atatsika mphiri khoma la nyumba ya mayi linagwa usiku, tithokoze Mulungu anthu anatuluka amoyo pomwe anzathu ambiri mboma lino anataya abale. Chitini chija tinakachipeza patapita masiku mmunda mwa aneba chitatseguka, pepala linapulumuka poti mayi analikulunga mu pulasitiki ya shuga, mendulo ziwiri zinalimo, Burma Star palibe. Tinakumba matope ndi makasu masiku awiri, ayi ndithu. Malume ndi amene anati iwe unapitako ku sukulu, tayenda ukafunse ngati angatipatse ina kapena olo kalata chabe yonena kuti bambo anafika ku Burma.

Ndayenda maofesi atatu, sinditchula maina poti cholinga changa sikuchititsa munthu manyazi, ndipo kunena zoona ena mwa anthu omwe ndinawapeza anandilandira bwino, kundipatsa mpando ndi kumvetsera. Koma aliyense amathera pa mawu amodzimodzi, akuti bwanawe pepala lanuli silikuonetsa mendulo iliyonse nde ife tiyambira pati. Ine nkumati nchifukwa chaketu ndabwera, ndikufuna likonzedwe. Iwo nkumati kuti likonzedwe mubweretse umboni woti analandira. Umboni wake uti poti umboniwo ndi pepala lomwelo? Mukuona mmene zikuzungulira ngati galu wothamangitsa mchira wake. Ofesi yoyamba inanditumiza ku yachiwiri, yachiwiri akuti amene amadziwa za mafayilo akalewa ali pa tchuthi mubwere mwezi wamawa, yachitatu akuti izi nza nthawi ya atsamunda, dziko lisanalandire ufulu mu 1964, sizikutikhudza. Ulendo uliwonse ndi kukwera minibasi pa Chitakale kukatsika ku Limbe nkukweranso ina, kubwerera usiku, ndalama yomwe ikanagula thumba la chimanga, ine munthu wongogulitsa zinthu mu kagolosale.

Palinso vuto la dzina lomwe ndikuganiza kuti likukhudza mabanja ambiri achilhomwe. Dzina lomwe lili pa pepala silomwe anthu ankawadziwa nalo kumudzi. Mzungu kapena kalaliki wolembayo analemba mmene anamvera, zilembo zina kusowa, ndipo ngati dzina lachiwiri anaika la malume awo amene anawalera osati la bambo awo. Mayi anga pa chiphaso cha unzika chija tinajambulitsa mu 2017 ali ndi dzina la kwa amuna awo. Nde munthu wa mu ofesi akaika mapepala awiriwa pamodzi palibe chikugwirizana, akuti tidziwa bwanji kuti ndinu mdzukulu wake. Satifiketi ya imfa palibe, ndani kumudzi ankatenga satifiketi ya imfa mu 2008 munthu atamwalira pakhomo? Ndinatenga kalata ya amfumu yodinda sitampa, a gulupu nawonso anasainira, koma kalata ya amfumu imanena kuti ndine ndani, siinganene zomwe zinachitika ku Burma mu 1944.

Chomwe ndaphunzirapo, ndipo ndikuuza aliyense amene ali ndi chitini chotere, nambala ndiye munthu. Ku usilikali dzina likhoza kulakwika koma nambala ndi imodzi, imayenda naye kuyambira tsiku lolowa mpaka lotuluka, ndipo ndi imene ingalumikize pepala la disichaji ndi gulu lomwe anali. Gulu likadziwika, komwe linali chaka chakutichakuti nzolembedwa mmabuku a mbiri, sizobisika. Agogo nambala yawo ankaitchula mchizungu mwamyaa ngati pemphero olo atadwala, pomwe tsiku lawo lobadwa sankalidziwa. Nde jambulani pepalalo pa foni lero lomwe, mbali zonse, tumizirani abale pa WhatsApp kuti likhale malo angapo, chitani fotokope, lenilenilo musalipereke kwa munthu olo atavala tayi. Ngati nkhalamba yanu ikadali moyo ikhazikeni pansi muijambule ikufotokoza, anakwera sitima kuti, sajeni wawo anali ndani, anzake a mmudzi omwe anapita nawo ndi ati. Ife tinachedwa, anzawo awiri omwe akanachitira umboni onse anatsogola.

Mwana wa mchemwali wanga amene amakonda za pa intaneti anandionetsa mmene anzathu amachitira kunja. Ku America msilikali akamatuluka amalandira pepala lotchedwa DD-214, ndipo ngati mendulo ina sinalembedwe pali njira yake yodziwika, amalemba fomu yopempha, pali bungwe lomwe ntchito yake ndi kukonza zolakwika mmafayilo a asilikali, likavomera amatulutsa pepala lokonza lomwe limayenda limodzi ndi loyamba lija. Ku Britain nakonso kuli ofesi yoona za mendulo zokhazokha ndipo wachibale amatha kupempha mmalo mwa kholo lomwe linamwalira. Sindikunena kuti kumeneko zonse zimayenda ngati madzi ayi, koma munthu amadziwa chitseko chogogoda. Ife kuno chitseko chake nchiti?

Komanso tisaiwale kuti anthu amenewa anadyeredwa kale masuku pamutu. Nkhondo itatha ndalama yothokoza yomwe ankapereka inkatengera khungu, msilikali wamba wachizungu mashereni 10 pa mwezi uliwonse womwe anatumikira, wakuda wa udindo womwewo mashereni atatu ndi theka, chonsecho chipolopolo cha Mjapani sichinkasankha. Agogo ndalama yawo anagula njinga ndi malata ochepa basi, nkubwerera ku esiteti komwe kuja kukagwira ulonda mpaka ukalamba. Nde pamwamba pa zimenezo ngakhale mzere umodzi wa inki wonena komwe anafika ukhale wosowa? Ine ndalama sindikufuna, ndinene poyera, chifukwa ofesi ina munthu anandiyang'ana ngati ndabwera kudzasaka chipukuta misozi.

Ndipo musaganize kuti ndi nkhani ya nkhalamba za Keyala zokha. Tili ndi abambo mmidzi muno omwe analondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ena anapita ku Rwanda mu 1994, ena ku Ivory Coast, achinyamata akhala akupita ku DRC. Tonse tinanyadira mu 2019 pomwe a United Nations anapereka mendulo ya Captain Mbaye Diagne kwa malemu Private Chancy Chitete amene anafa mu Novembala 2018 akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania. Ameneyo dziko lonse linaona, mbiri yake siingasowe. Koma msilikali wamba amene analandira mendulo yake pa pelete kutchire uko nkubwera kudzapuma, kodi anayang'ana ngati pepala lake lotulukira lalemba zonse? Abale anga opuma, tatulutsani mapepalawo muwerenge mzere ndi mzere mukadali ndi mphamvu komanso anzanu okuchitirani umboni akadalipo, musasiyire adzukulu mtolo ngati wangawu.

Pempho langa kwa akuluakulu oona za asilikali opuma, kuphatikiza a bungwe la VELOM omwe timawaona nthawi ya maluwa ofiira a popi mu Novembala, ndi loti pakhale tebulo limodzi lodziwika, fomu imodzi ya Chichewa, yonena kuti ngati pepala la kholo lanu lili ndi cholakwika kapena mendulo sinalembedwe bweretsani zakutizakuti, yankho mulandira pakatha nthawi yakuti. Ndipo kamodzi pa chaka tebulo limenelo lizibwera pa boma, Mulanje sabata ino, Thyolo sabata yamawa, Phalombe inayo, mulengeze pa wailesi ndi kudzera kwa mafumu, muone ngati anthu sabwera ndi zitini zawo pamutu. Olo mutalephera kupeza nyenyezi ina, kalata yokha yodinda yonena kuti nambala yakutiyakuti inatumikira ku Burma ife ingatikwanire, tikaiika mu fulemu.

Mayi anga ali ndi zaka 74 tsopano, akuti akufuna Novembala wina adzapite ku Zomba atavala mendulo za bambo awo kudzanja lamanja la chifuwa monga amachitira achibale, zonse zitatu osati ziwiri. Ngati pali wina akuwerenga amene kholo lake linali ku Burma ndipo pepala lake linalembedwa mendulo, kapena anayendapo njira imeneyi nkutheka, chonde ayankhe kudzera mu nyuzipepala yomwe ino atiuze anayambira ofesi iti ndipo ananyamula chani. Ine mwezi ukatha ndikwereranso minibasi, akuti uja anali pa tchuthi anabwerako.

Mdzukulu wa msilikali wa Keyala,
Mulanje