Dzina la woimba foni lisungidwe ndi wailesi, lisalengezedwe pamphepo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiponyepo mawu pa mkangano umene wabuka kwathu kuno m'mbali mwa nyanja ya Malombe, wakuti aliyense woimba foni pa wailesi aziyamba watchula dzina lake lonse, mudzi, mfumu yake ndi nambala ya chiphaso cha unzika asanayankhule kanthu. Tsiku limene maganizowa anatuluka pabwalo la amfumu, ine ndinali m'gulu la oomba m'manja, ndipo ndinaomba mpaka zikhatho kuwawa. Lero ndikuona kuti ndinapupuluma.

Chimene chinatiputa n'ichi. Mlamu wanga anali wapampando wa komiti ya padoko pathu, ija timangoti BVC. Makomiti amenewa anayambira ku Malombe konkuno mu 1993, chambo chitayamba kusowa, ndipo ntchito yake ndi yodanitsa: kulanda maukonde a maso ang'onoang'ono, kuletsa masikito m'madzi, kulondera nyengo yotseka nyanja. Madzulo ena mu Disembala, nyanja ili yotseka, tinali pakhonde kumvera pulogalamu ija anthu amaimba n'kunena zakukhosi. Munthu wina wodzitcha Mwana wa Mlovi anaimba n'kunena kuti wapampando wa doko lakutilakuti amalandira ndalama ndi mabeseni a nsomba kuti maukonde a nkacha azilowa m'madzi usiku. Dzina sanatchule, koma doko anatchula, ndipo doko limakhala ndi wapampando mmodzi. Mlamu anali ndi mbamu m'manja. Anaibwezera m'mbale, n'kusamba, n'kulowa m'nyumba osanena kanthu.

M'mawa mwake chemwali anga atafika kuchigayo, amayi onse anangoti zii, wina n'kuyamba kufunsa mtengo wa gaga ngati kuti ndi nkhani imene anali kukamba. Ana kusukulu anapatsidwa dzina. Amfumu anaitanitsa bwalo kuti mwini nkhani abwere ndi umboni, tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osaoneka munthu. Kuwailesiko anatiuza kuti nambala sanalembe paliponse, mafoni amabwera ambiri. Mlandu wopanda mwini suweruzika, komanso sufa. Mlamu anatula pansi udindo, ndipo mpaka lero sindinganene kuti anayeretsedwa, chifukwa panalibe woti atsutsane naye.

Ndiye mukuona chifukwa chake tinakuwa kuti aliyense azidzitchula.

Chinandibweza ndi mnyamata wina, mlovi wa pa boti la munthu wachuma, amene anandipeza ndikuyanika kambuzi pathandala. Anazungulirazungulira, kufunsa za mitengo ya ku Limbe, kenako n'kutsitsa mawu. Anandiuza malo amene bwana wake amabisa ukonde woletsedwa ndi nthawi imene amaulowetsa m'madzi. Ndinamufunsa chifukwa chake sakanena yekha kukomiti kapena pa wailesi. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Bwanayo ndi amene amamupatsa malo m'boti, ndi amene anamukongoza ndalama ya chimanga mu Febuluwale, ndiponso ndi malume ake a mkazi wake. Atati atchule dzina lake pamphepo lero, mawa m'bandakucha apeza wina atakhala pamalo pake, ndipo palibe doko kuchokera ku Chimwala mpaka ku Monkey Bay limene lingamulandire. Wakutsina khutu ndi mnansi, timatero, koma amene amatsina khutu satsina pamsonkhano.

Ganiziraninso za amayi anzanga ogula nsomba. Nkhani yakuti asodzi ena amafuna thupi la mayi asanamugulitse nsomba, makamaka zikamavuta kupha, si yachilendo m'madoko a ku Mangochi, ndipo a zaumoyo akhala akuidandaula. Ndi mayi uti wapabanja amene angaimbe foni, kutchula dzina lake ndi la mfumu yake, kenako n'kufotokoza zimenezi mwamuna wake, apongozi ndi a kumzikiti kapena kutchalitchi akumva? Lamulo lodzitchula likadutsa, amene atsale akuyankhula ndi okhawo amene alibe choopa: eni maboti, andale, ndi ife okalamba amene tinasiya kale kupempha malo kwa munthu.

Ife a ku Mangochi tisachite ngati sitidziwa kuopsa kwa dzina lolembedwa m'kaundula wolakwika. Henry Masauko Chipembere atanyamuka ndi anthu ake kuno mu Febuluwale 1965 n'kukalephera kuwoloka Shire pa Liwonde, boma lathu la Mangochi linakhala zaka zambiri likuyang'anidwa ndi diso lofiira. Makolo athu anaphunzira kuyankhula akuyang'ana kumbuyo. Mabishopu a Katolika atalemba kalata yawo mu Malichi 1992 anasaina maina awo, inde, koma anali ndi mpingo wonse kumbuyo kwawo, ndipo ngakhale choncho anaopsezedwa. Anthu wamba ankapatsirana timapepala topanda dzina, kubisa m'masokosi ndi m'mipango, ndipo timapepala timeneto tinathandiza kutifikitsa pa referendamu ya pa 14 Juni 1993. Ufulu woyankhula umene uli mu gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko lino sunabwere ndi anthu odzitchula maina okha.

Komanso kulembetsa pakokha sikugwira wabodza. Mu 2017 tinafola kujambulitsa ziphaso za unzika. Mu 2018 tinafolanso, chiphasocho chili m'manja, kulembetsa manambala a foni monga bungwe la MACRA linalamulira, padzuwa la ku Mangochi lija limawotcha ngakhale uli pamthunzi. Tinkayembekeza kuti akuba a pafoni athera pomwepo. Nanga bwanji mpaka lero tikulandirabe mauthenga aja akuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, kapena munthu kuimba akulira kuti wakutumizira ndalama molakwitsa? Wakuba amalembetsa nambala pa chiphaso cha agogo a kumudzi, kapena chotola, kapena cha munthu amene anamwalira. Mwana wa Mlovi uja akanafunsidwa dzina akanangopeka lina pomwepo, mudzi n'kupeka, manambala n'kuwerenga a m'mutu, muulutsi n'kunena kuti zikomo pitirizani. Woona mtima yekha ndi amene amapereka dzina lenileni, ndiye kuti msamphawo ugwira nkhuku ya pakhomo, vumbwe n'kudutsa.

Sindikunena kuti zinthu zisiyidwe momwe ziliri. Amene sanaone munthu wamkulu akubweza nsima m'mbale ndi amene anganene zimenezo. Chimene ndikupempha n'chimene inu a nyuzi mumachita kale ndi makalata ngati ino: mumafuna kudziwa wolemba, koma akapempha mumasunga dzina lake. Wailesi ichitenso chimodzimodzi. Foni yonena munthu wina, kaya pomutchula dzina kaya potchula udindo umene aliyense angauzindikire, isalowe pamphepo nthawi yomweyo. Ayankhe kaye munthu wa kuseri, alembe dzina ndi kumene woimbayo akukhala, adule, amuimbirenso yekha pa nambala yomweyo. Kenako wonenedwayo afunsidwe mbali yake, zonse ziwiri zidzamveke tsiku limodzi. Wabodza akadziwa kuti pali munthu mmodzi amene akumudziwa, ndiponso kuti khoti litafuna lingamupeze, lilime limalemera. Mlovi uja akadziwa kuti ndi munthu mmodzi yekhayo, akhoza kulimba mtima.

Izi zisakhudze aliyense. Wopereka moni kwa abale ake a ku Johannesburg, wodandaula za msewu wa ku Makanjira nthawi ya mvula, wofunsa chifukwa chake feteleza wachedwa, asiyeni adzitche Mfumu ya Kabaza kapena Namasina wa pa Namwera momwe afunira. Maina amenewo ndi amene amakometsa pulogalamu, ndipo salasa munthu.

Pamene pakundidetsa nkhawa ndi pa kope lolembamo mainalo. Mawailesi a m'madera amayendetsedwa ndi achinyamata ongodzipereka, ndipo kuno tonse ndife achibale. Wolemba dzina akhoza kukhala mphwake wa mwini ukonde. Kope likangosiyidwa patebulo tsiku limodzi, ndiye kuti tamupereka mlovi uja ndi manja athu. Choncho wosunga akhale mmodzi, wodziwika, kope lizikhala lokiyidwa, ndipo dzina likatuluka tidziwe pakhomo pogogoda. Dziko lino tsopano lili ndi lamulo loteteza mbiri ya anthu la 2024, limene MACRA yomweyo ikuyang'anira, ndipo lamulo lothana ndi ziphuphu limaletsa kuulula munthu amene watsina khutu bungwe la ACB. Akuluakulu a mawailesi awawerenge malamulowa pamodzi ndi achinyamata awo asanayambe kutolera maina a anthu. Ngati wailesi ikuona kuti siingathe kusunga chinsinsi, ingosiya kulandira mafoni onena anthu, iziwatumiza ku ofesi ya zausodzi kapena kupolisi.

Amfumu athu ndawauza kale maganizowa, mwaulemu wake, ndipo anati akamva kaye kwa nduna zawo. Mlamu wanga sakugwirizana nane. Iye akuti munthu amene ali ndi zoona aime poyera, ndipo sindimutsutsa kwambiri, chifukwa chilonda chili pa iye. Masiku ano amangosoka maukonde pansi pa mtengo, ndipo nthawi ya pulogalamu ija ikakwana amatuma mwana kukazimitsa wailesi.

Dzina langa ndi nambala yanga ndalemba kuseri kwa kalatayi, a Mkonzi. Mukafuna kutsimikiza mundiimbire, koma musazisindikize. Mawa ndiyenera kukagula nsomba padoko lomwe lija.

Mayi wogulitsa nsomba,
Malombe, Mangochi