Amawailesi, tiyikireniko Cliff Richard

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za woyimba wa ku Britain yemwe ana a masiku ano sakumudziwa koma enafe tinakulira nyimbo zake, Cliff Richard. Chandilembetsa kalatayi nchoti mawailesi ambiri akati pulogalamu ya nyimbo zakale amangoyambira m'ma 1990 basi, ngati kuti kumbuyoko anthu sankayimba.

Kuno ku Mangochi nyimbo za mkuluyu zinafika ndi azibambo athu omwe ankapita ku Joni nthawi ya Wenela. Munthu pobwerako amatenga sutikesi, bulangete, njinga, galamafoni ndi mbale zake, ndiye pa mbalezo mumapezamo kwela wa konko, Jim Reeves, ndi Cliff amene. Mbale zimenezi zimasamalidwa koopsa, amazipukuta ndi kansalu kofewa nkuzibisa pansi pa bedi, chifukwa ukangoyiwala imodzi pawindo ndi dzuwa la kunyanja kuno la mu Okutobala umayipeza yapindika, singano ikungodumpha. Mwana samaloledwa nkukhudza komwe. Ndipo zimavinidwa ponseponse, kwa Asilamu kwa Akhristu chimodzimodzi, ngakhale ambiri Chingerezi sankachimva.

Mwina ena sadziwa kuti mkuluyu sanabadwire ku England. Anabadwira ku Lucknow m'dziko la India pa 14 Okutobala 1940, dzina lake lenileni Harry Webb, ndipo banja lawo linasamukira ku England mu 1948 India atangolandira ufulu. Kumeneko anayamba movutika ndithu, kukhala mopanikizana kwa achibale asanapeze nyumba ya boma ku Cheshunt. Mu 1958 ali ndi zaka 17 anatulutsa Move It nkufika pa nambala 2, chaka chotsatira Living Doll inafika pa nambala 1. Bandi yake poyamba inkatchedwa The Drifters koma anasintha nkukhala The Shadows poti ku America kunali kale gulu la dzina lomwelo. Gitala ya Hank Marvin mu bandi imeneyi, abale, imalira mwaukhondo, waya uliwonse umamveka pawokha, ndipo gitala yake yofiira ya mtundu wa Fender anamugulira ndi Cliff yemweyo. Mu 1961 anakayimba ku South Africa, ndipo mbale zake zinali mbwee ku Joni. Kenako anasewera mu filimu ya Summer Holiday mu 1963, anyamata atakwera basi yofiira yosanjikiza ya ku London ulendo wa ku Greece.

Anzake ambiri a nthawi imeneyo anazimirira The Beatles atabwera koma iye ayi. Mu 1966 anayima pa msonkhano wa mlaliki Billy Graham ku London nkulengeza poyera kuti ndi Mkhristu, anthu nkumati basi wadzithera yekha, woyimba rock ndi zopemphera nzosayendera limodzi, koma patangotha zaka ziwiri anali pa mpikisano wa nyimbo wa mayiko a ku Ulaya wa Eurovision ndi nyimbo ya Congratulations pomwe Spain inamuposa ndi pointi imodzi yokha, ndipo nyimbo yomweyo mpaka lero ikumvekabe m'maukwati. Mu 1979 anabweranso pa nambala 1 ndi We Don't Talk Anymore. Mu 1995 Mfumukazi inamupatsa ulemu wa Sir.

Koma nkhani yomwe ndikufuna amawailesi ayimve bwino ndi ya 1999. Cliff anatenga Pemphero la Ambuye nkuliyika pa chuni chakale cha ku Scotland, nkuyitcha The Millennium Prayer. Kampani yake ya EMI inakana kuyitulutsa, mawailesi akuluakulu a kwawo konko anakana kuyiyika. Anthu wamba anapita okha m'mashopu kukagula mpaka inakhala nambala 1. Apa zinaonekeratu kuti amene amakhala mu situdiyo akhoza kuganiza kuti woyimba watha pomwe omvera akumufunabe, ndipo nzomwe zikuchitika kuno. Pa boma pano pali telala wina wachikulire amasokera pakhonde la shopu, tsiku lina anatuma kamnyamata ndi memori khadi kuti akamuyikire Cliff Richard kwa anyamata oyika nyimbo aja, kanabwerako chimanjamanja ati dzinalo sakulidziwa. Bamboyo alibe foni ya intaneti, chomwe ali nacho ndi kawailesi kamabatire kali pambali pa makina akewo, ndiye ngati wailesi siyimuyikira akazimvera kuti?

Ine ndimaona kuti chomwe chimasunga nyimbo zake ndi choti mawu amatuluka bwinobwino, chuni ukachimva kawiri wachigwira, ndipo mulibe zotukwana, ukhoza kumvera uli ndi apongozi osachita manyazi. Oyimba athu achinyamata akanaphunzirapo kanthu pamenepa. Ndipo sikuti achinyamatawo amadana ndi zakale ayi, taonani mmene anayilandirira Linny Hoo ya agogo a Giddes Chalamanda atayimba ndi Patience Namadingo mu 2020, inafika mpaka kunja.

Ndiye pempho langa nlakuti mutipatseko ngakhale ola limodzi Lamulungu masana, muyike Cliff ndi The Shadows, musakanize ndi a Daniel Kachamba ndi a Allan Namoko, ndipo wowulutsa azitchula dzina la woyimba ndi chaka chomwe nyimboyo inatuluka, osamalankhula pakati nyimbo isanathe chonde.

Wowerenga wanu,
Mangochi Boma